Tepi ya Buluu ya Ba Hamoonga

Kuno kwathu anthu amandiseka chifukwa akandiitana kuti ndikaone sola imene ikuvuta, ndimafika mame asanaume, eni nyumba asanasese ndi pabwalo pomwe. Ena amati ndi ukalamba, tulo tinandithawa. Ena amati ndi umasiye, m'nyumba mulibe wondiuza kuti dikirani phala. Sindiwatsutsa. Koma chizolowezi chimenechi ndinachitenga ku Kafue, m'dziko la Zambia, ndipo amene anachilipira si ine. Anachilipira ndi munthu wina, ndi dzina lake.

Ndinapita ku Kafue mai a ana anga atamwalira. Tinkakhala ku Mchinji, ine ndikuyala mawaya a magetsi m'nyumba za anthu pa boma. Maliro atatha, ana athu aakazi awiri anatengedwa ndi mai awo aang'ono, monga timachitira kwathu, ndipo nyumba inandikulira. Ndikalowa madzulo ndinkapeza kapu yanga pomwe ndinaisiya m'mawa. Mnzanga wina wa kutchalitchi ndiye anandiuza kuti ku Zambia magetsi akuzima kwambiri moti eni mafakitale ayamba kuyala sola pamadenga, ndipo akufuna anthu odziwa waya. Ndinadutsa pachipata cha malire cha Mwami ndi chikwama chimodzi. Munali zovala, buku la nyimbo, pulayala ndi mita yanga yoyezera magetsi.

Kampani imene inandilemba inali ya ku Lusaka, koma gulu lathu la anthu asanu ndi mmodzi linkagwirira ku Kafue. Chilolezo changa chogwirira ntchito m'dzikomo anandikonzera ndi a kampaniwo, ndipo chinkatha chaka ndi chaka. Akafuna ankachiwonjezera, akapanda kufuna ayi. Izi ndazinena poyambirira chifukwa pambuyo pake ndinabisala kuseri kwa pepala limenelo.

Ndinapeza kachipinda ku Nangongwe, kuseri kwa nyumba ya banja lina lochokera ku Katete limene makolo ake anabwera kalekale kudzagwira ntchito ya njanji. M'mawa ndinkayenda pansi mpaka kumafakitale. Chinyanja cha kumeneko sichinandivute. Ndi chathu chomwechi, koma chodula miyendo ngati kabudula, ndipo mawu ena ndi awoawo: kalekale amati kudala. Anzanga anandipatsa dzina loti Ba Dikoni, ngakhale sindinakhalepo dikoni, chifukwa ndisanaponde makwerero ndinkavula chipewa n'kupemphera pang'ono.

Amene anayambitsa dzinalo ndi Ba Hamoonga. Anali Mtonga wobadwira m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, m'banja la asodzi. Nsomba zitayamba kuchepa anasiya bwato, n'kuphunzira ntchito ya padenga ali wamkulu kale. Anali wamtali, wamawu aakulu, wosatha kunong'ona. Masana tinkadyera limodzi pamthunzi wa mpanda. Akazi awo ankawaikira nsomba zouma zokwanira anthu awiri, chifukwa anawauza kuti kuntchito kuli Mmalawi wamasiye amene amadya soya tsiku lililonse.

"Ba Dikoni, fupikitsani pemphelo," ankatero dzanja lili kale m'mbale. "Mulungu anamvela kudala. Nshima ndiye siyembekeza."

Ntchito yawo inali yoyera. Waya wotsala pansi pa panelo lililonse ankamukulunga ngati chingwe cha mbedza, n'kumumangirira m'mwamba ndi tizingwe tapulasitiki kuti asakhudze malata, kenaka n'kudula michira ya tizingweto mpaka osatsala kanthu. Ankachedwa nazo. Folomani wathu, Ba Chileshe, ankawanena kuti akuluka ukonde padenga la eni ake.

Ba Chileshe ankakhala ku Lusaka ndipo ankafika ndi galimoto ya kampani cha m'ma teni koloko. Sindinganene kuti anali mbuli. Sukulu anapita, ndipo za m'mabuku ankazidziwa kuposa tonsefe. Iwo ndiwo anabweretsa mwambo wa matepi. Mapanelo timawalumikiza motsatana ngati mikanda pa ulusi, makumi awiri pa mzere umodzi, ndipo kumapeto kumatuluka mawaya awiri, wa pulasi ndi wa mayinasi, otsikira m'bokosi pansi. Munthu aliyense anapatsidwa tepi ya mtundu wake kuti akamaliza mzere azikulunga pa mawaya awiriwo m'bokosimo. Yanga inali yachikasu. Ya Ba Hamoonga inali ya buluu.

"So tizaziba wamene alakwisa," anatero Ba Chileshe potigawira. Sanati tidzadziwa amene wagwira bwino. Ndinazimva, koma sindinaganizepo kanthu.

Denga limene panachitikira nkhaniyi linali la nyumba yoziziritsira nsomba ndi nkhuku, chakumunsi kwa mafakitale, kumene mphepo ya kumtsinje imafikira. Tinayalapo mizere isanu ndi itatu mvula itangotha. Sabata yomaliza amalume a Ba Hamoonga anamwalira kutsidya kwa mtsinje, ndipo iwo anapita kumaliro atamanga mapanelo khumi ndi anayi a mzere wachisanu ndi chiwiri. Anatsala asanu ndi limodzi. Eni nyumbayo ankafuna magetsi Lachisanu, ndiye Lachinayi Ba Chileshe anakwera okha padenga ndi aganyu awiri amene anawatola pageti.

Ine ndinali pa mzere wachisanu ndi chimodzi, pafupi kwambiri moti ndikanatha kuwagwira phewa. Mapanelo amagona pa zitsulo zazitali zomwe tinkazitcha njanji, ndipo amapanidwa ndi chopanira chachitsulo chomanga ndi bawuti. Ndinaona waya atagona pa njanji pamene chopanira chinkatsikira. Ba Chileshe ankamanga ndi makina, mwachangu, foni ili pakhutu.

"Ba Chileshe, wayayo," ndinatero.

"Ba Dikoni, yanganani laini yanu."

Ndinayang'ana mzere wanga. Madzulo ake iwo anatsika n'kukulunga tepi ya buluu m'bokosi, popeza mzerewo unali wa Ba Hamoonga.

Miyezi iwiri zonse zinayenda bwino. Tinasamukira padenga lina. Kenaka kunabwera chisanu, ndi nkhungu ya ku Kafue imene imadzuka kumtsinje m'bandakucha n'kunyowetsa chilichonse ngati kwagwa mvula. Ndipo inveta ya kunyumba yoziziritsira ija, makina amene amasandutsa magetsi a dzuwa kukhala ogwiritsa ntchito, inayamba kukana kudzuka. M'mawa uliwonse isanayambe, inveta imadzifunsa ngati pali magetsi amene akuthawira m'zitsulo n'kupita m'nthaka. Ikapeza kuti alipo, imayatsa getsi lofiira n'kukhala chete. Si mwano. Imateteza munthu amene angagwire njanji, ndi denga kuti lisapse. Imeneyi inkakhala chete mpaka cha m'ma teni koloko, kenaka n'kudzuka yokha ngati palibe chachitika. M'mawa monsemo anthu ankaotcha dizilo mu jenereta, sola ili padenga.

Woyang'anira nyumbayo anali mayi wina wosakonda nthabwala, amene tonse tinkangomutcha Madamu. Anaimba foni ku Lusaka. Ba Chileshe anabwera teni koloko itadutsa, anayeza, zonse zili bwino. Anabweranso, zili bwino. Kachitatu anauza Madamu kuti makina ochokera kunja sakonda kuzizira. Kachinayi Madamu anawauza kuti akafika itakwana naini asalowe n'komwe. Tsiku limenelo anafika getsi likadali lofiira, ndipo anatiitana tonse. Anaima pabokosi n'kumazula mizere umodziumodzi. Atazula wa tepi ya buluu, getsi linasanduka lobiriwira.

Sanakwere padenga. Ichi ndi chimene mpaka lero chimanditentha pamtima. Makwerero anali pomwepo, otsamira khoma. Munthu aliyense wa ntchito imeneyi amadziwa kuti kupeza mzere ndi theka chabe la ntchito, pamafunika kupeza malo enieniwo. Iwo anangokweza mawaya awiri aja m'mwamba kuti tonse tione tepi.

"Ya ndani iyi?"

Ba Chileshe anatembenukira kwa mwini tepiyo.

"Ba Hamoonga, nchito yasila. Bwelelani ku nsomba. Kuja mukalakwisa, ifa chabe ni nsomba."

Ba Hamoonga sanakweze mawu, chinthu chimene sindinachionepo. "Laini ija sininasilize ine. Ninali ku malilo. Munasiliza ndimwe, Ba Chileshe, na bantu ba pa geti. Funsani Ba Dikoni, banali pafupi."

Maso onse anabwera kwa ine, ndi a Madamu omwe. Ba Chileshe anandiyang'ana mosakwiya, mwaulemu ndithu, ngati munthu amene akukukumbutsa kuti ali ndi chinthu chako m'kabati. Chilolezo changa chinali chitatsala miyezi isanu. Mwana wanga wamng'ono anali atangolowa sekondale.

"Sindinaone bwino," ndinatero.

Moyo wanga wonse anthu akhala akundiyamikira kuti sindifulumira kuweruza. Mai a ana anga ankati ndikhoza kupsa ndevu ndikufunsabe ngati ndi motodi. Ndiye tsiku limenelo ndinadziuza kuti sindinaname. Ndinaona waya pa njanji, koma kodi ndinaona akulumidwa? Mwina anamukankha ndisanayang'anenso. Mwina vuto lili pa mapanelo khumi ndi anayi aja. Ndinazikonza bwinobwino m'mutu mwanga ndikuyenda kubwerera ku Nangongwe, ndipo pofika kunyumba ndinali nditatsala pang'ono kukhala munthu wolungama.

Ba Hamoonga anavula lamba wa padenga, anamupinda bwino, anamuika pa boneti ya galimoto. Anatenga mbale zawo za nshima n'kutuluka pageti. Sanandiyang'ane.

Kuchotsedwa ntchito kokha akanapirira. Makampani a sola anali ambiri nthawi imeneyo ndipo manja ngati awo ankasowa. Koma mafolomani a makampaniwo ali ndi gulu lawo pafoni, kumene amauzana za mitengo ndi za antchito. Ba Chileshe anaikako chithunzi cha tepi ya buluu ndi dzina la Ba Hamoonga, ati munthu uyu amawononga mawaya, chenjerani naye. Ba Hamoonga anapita ku Lusaka, anabwezedwa pageti. Anapita ku Mazabuka, chimodzimodzi. Izi ndinkazimva kwa anzanga masana, ndikudya soya wanga.

Mzere uja unakhala wozulidwa masabata asanu. Palibe amene anatumidwa kukaukonza. Madamu atayambanso kuimba kuti anagula mizere isanu ndi itatu osati isanu ndi iwiri, Ba Chileshe anandiitanira pambali Lachisanu lina.

"Pa Mande muyende mubwezele laini ija. Nizabwela na kompyuta, tizachepesako makutu ya inveta. Imvela maningi."

Ndinamvetsa. Ankafuna kusintha makinawo kuti asamaone vutolo. Getsi likanakhala lobiriwira m'mawa uliwonse, waya ali chilumidwire, ndipo palibe amene akanakweranso kukafufuza. Mlandu wa Ba Hamoonga ukanakwiriridwa pansi pa panelo mpaka kalekale.

Lamlungu nditaweruka kutchalitchi sindinapite kunyumba. Ndinafunsira njira mpaka kumtsinje. Ndinawapeza Ba Hamoonga atagwada pafupi ndi bwato lakale la achimwene awo, akumata ming'alu ndi phula. Akazi awo, amene kumeneko amawatcha Bina Luyando, kutanthauza amake Luyando, anandipatsa moni ataima. Mpando unali pomwepo koma sanaukoke. Mayi amene anandidyetsa nsomba chaka chathunthu.

"Ba Dikoni," anatero Ba Hamoonga osatukula mutu. "Maso yali bwanji masiku yano?"

Ndinakhala pansi pamchenga. Ndinawafotokozera za Lolemba. Anamvetsera akupaka phula.

"Ba Chileshe bapima nthawi bwanji?"

"Teni koloko. Nthawi zina leveni."

"Bwato ngati idontha, mumasakila chiboo pa mchenga? Muiike pa manzi, izakamba yeka." Anapukuta manja pa buluku, ndipo apa ndi pamene anandiyang'ana. "Koma ivi muviziba kuchila ine. Munaziba kudala. Simunabwele kufunsa nzelu kuno."

Zinali zoona. Wamagetsi aliyense amadziwa kuti vuto lobwera m'mawa n'kuchoka dzuwa likakwera ndi la chinyezi. Ndinkadziwa kuyambira sabata yoyamba nthawi yoyenera kukwera ndi chimene ndikachipeze. Ndiye chifukwa chake sindinakwere.

Lolemba ndinafika pageti kukuyera kumene. Mlonda, Ba Tembo, anali atafunda bulangeti mpaka m'makutu, ndipo ananditsegulira akudandaula kuti anthu a ku Malawi sagona. Nkhungu inali yoti nyumba ya tsidya la msewu sinkaoneka. Malata ankadontha.

Ndinazimitsa inveta, ndinatsekula maswitchi onse, ndinavala magolovesi. Sola sizimitsika ngati magetsi a m'nyumba. Kukangoyera pang'ono, mawaya ali ndi mphamvu yopha munthu, ndiye sugwira chilichonse mwachibwana. Ndinayamba ndi mzere wanga wachikasu, chifukwa ndinafuna kudziyeza ndekha ndisanayeze wina. Ndinaika mita pakati pa waya wa pulasi ndi chitsulo cholowa m'nthaka. Manambala anakwera, kenaka anayamba kutsika pang'onopang'ono mpaka kutha. Umo ndi mmene mzere wabwino umachitira.

Pa mzere wa buluu manambala sanatsike. Anaima nji. Mzere wonse, kuchokera ku pulasi kufika ku mayinasi, unali ndi mavoti 800, ndiye kuti panelo lililonse linkapereka 40. Kuchokera ku pulasi kupita m'nthaka ndinapeza 680. Kuchokera ku mayinasi, 120. Mwana wa pulayimale akhoza kuwerenga zimenezi. 120 ndi mapanelo atatu. Bala linali pakati pa panelo la nambala 17 ndi la nambala 18. Ba Hamoonga analekera pa 14.

Ndinamanga lamba n'kukwera. Malata onyowa amaterera ngati therere, ndiye ndinakwawa ndi mawondo, ndikusuzumira pansi pa mapanelo limodzilimodzi. Kuyambira loyamba mpaka la 14, mawaya anali okulungidwa ngati chingwe cha mbedza, olenjekeka m'mwamba, michira yodulidwa. Kuyambira la 15 michira inali tayale ngati ndevu za mlamba, mawaya akukhwekhwereka pamalata. Ndipo pansi pa chopanira cha pakati pa 17 ndi 18 panali waya wophwatalala, khungu lake litang'ambika, timawaya ta m'kati tikuoneka. Dontho limodzi la mame linali litakhala pakati pa balalo ndi njanji. Dontho limenelo ndilo linachotsa munthu ntchito.

Ndinakhala pamenepo kanthawi. Ndinayesa kupemphera koma mawu sanabwere, chinabwera ndi ukali umene sindinaudziwe kuti ndili nawo. Kuchokera pageti kufika pamenepo sipanathe ola limodzi. Ola limodzi, makwerero ndi mita. Munthu wamkulu, wa ana anayi, anayenda mpaka ku Mazabuka kukabwezedwa ngati wakuba chifukwa wina anaona kuti kukwera makwerero n'kovuta kuposa kutchula dzina. Ndipo ine amene ndinali ndi mita m'chikwama ndinadya soya masabata asanu.

Sindinamasule chopaniracho. Ndinajambula ndi foni n'kutsika. Madamu atafika ndinawaonetsa, ndipo anaimbira Ba Chileshe ndi bwana wawo wa ku Lusaka. Koma msewu wa ku Lusaka ndi wautali m'mawa. Pamene ankafika dzuwa linali litakwera, malata atauma. Ba Chileshe anatenga mita yawo, anayeza mzere wa buluu, manambala anatsika bwinobwino mpaka kutha.

"Mwaona? Palibe vamene akamba. Ba Dikoni bakalamba, mita yao nayo yakalamba."

Ndinapempha Madamu kuti aime pafupi ndi mitayo asachotse maso. Ndinatenga botolo la madzi akumwa la Ba Tembo n'kukweranso. Nditaima patali ndi njanji ndinadonthezera madzi pa chopanira chija.

"Yabwelela," anatero Madamu pansipo. "Yaima pa 680."

Ndinatsika. Ndinavula chipewa, sindikudziwa chifukwa chake.

"Waya ameneyu munamupana ndinu, Ba Chileshe, Lachinayi lija Ba Hamoonga ali kumaliro. Ndinali pa mzere wachisanu ndi chimodzi. Ndinakuuzani, munati ndiyang'ane mzere wanga. Tsiku lija Ba Hamoonga atati mundifunse, ndinati sindinaone bwino. Ndinaona."

Ndinkaganiza kuti choonadi chikatuluka, zinthu zimabwerera m'malo mwake zokha. Ndinali mwana pa zimenezi ngakhale ndinali ndi imvi. Kukonza wayayo kunatenga nthawi yochepa kuposa kuwiritsa tiyi. Ndinalekanitsa mapanelo mbali zonse ziwiri, ndinadula chidutswa cholumidwacho, ndinaika waya watsopano. Bwana wa ku Lusaka anapepesa kwa Madamu, anandigwira chanza, n'kunena kuti zotsalazo ndi nkhani ya m'nyumba, tikakambirana ku ofesi. Ku ofesi sitinakambirane. Malo a Ba Hamoonga anali atapatsidwa kale munthu wina. Ndinapempha katatu kuti Ba Chileshe alembe pagulu la mafolomani lija kuti analakwitsa. Kachitatu anandiyankha akutsegula chitseko cha galimoto.

"Ba Dikoni, vija vinapita kudala. Ndani akumbukila?"

Chidutswa cha waya ndinachiika m'thumba la malaya. Loweruka ndinapita nacho kumtsinje. Ba Hamoonga anachitembenuza m'manja mwawo nthawi yaitali, akupapasa ndi chala pamene mano a chopanira analowa.

"Nambala?"

"Pakati pa 17 ndi 18."

"Ine ninalekela pa 14."

"Ndikudziwa."

"Masabata yasanu, Ba Dikoni."

Bina Luyando anatuluka m'nyumba, anayang'ana wayayo, anayang'ana ine, kenaka anakoka mpando uja ndi phazi n'kuukankhira kumene ndinaima. Nsomba sanandipatse.

Ba Hamoonga anayenda ndi chidutswacho ndi chithunzi changa m'makampani atatu. Kwina anawauza kuti amva, koma safuna anthu a nkhani. Kwina folomani anali mnzake wa Ba Chileshe wa kusukulu. Padenga sanakwerenso. Anabwerera pamtsinje umene anauthawa chifukwa chosowa nsomba, ali ndi zaka zoti mawondo sakondanso madzi ozizira.

Ine ndinagwira miyezi imene inatsala. Padenga lotsatira ndinagula tepi ya buluu pamsika wa m'tauni n'kukulunga pa mizere yanga. Ba Chileshe atatsegula bokosi anaima.

"Yanu ni ya yelo."

"Inatha," ndinatero.

Anatseka bokosilo. Chaka chitatha anandiuza kuti ntchito zachepa, chilolezo sachiwonjezera. Sabata yomweyo analemba anthu awiri atsopano.

Kwathu ndinapeza mwana wanga wamkulu ali pabanja, ali ndi mwana amene analira nditamunyamula. Wamng'ono ankandipatsa moni atagwada patali ngati ndine mlendo wa mai ake aang'ono. Zimene ndinkatumiza zinawaphunzitsa, koma sizinawauze kuti bambo awo amaseka bwanji. Tikuzolowerana pang'onopang'ono. Ndimakonza sola za m'masitolo, za kusukulu, za anthu amene ana awo ali ku Joni. Ndimva kuti Ba Chileshe tsopano ali ndi kampani yawoyawo, dzina lawo lili pa zitseko za magalimoto. Popemphera ndikafika pa mawu a chikhululuko ndimachedwapo. Ndimawatchula dzina, chifukwa ndiyenera kutero, koma Mulungu amadziwa kuti mtima umatsalira m'mbuyo.

Ba Hamoonga amandiimbira mwa apo ndi apo. Sayamba ndi moni. Amayamba ndi kufunsa za maso anga, kenaka n'kuseka mpaka kutsokomola. Chaka chatha anandiuza kuti Luyando, mwana wawo woyamba, wamaliza maphunziro a zamagetsi ndipo akufunafuna ntchito ku Lusaka. Ndinasangalala. Patapita milungu ingapo anaimbanso, ndipo ulendo uno sanafunse za maso. Ku kampani ina folomani atawerenga dzina pa mapepala a mtsikanayo anamufunsa kuti, Hamoonga uti, uja wa ku Kafue wowononga mawaya? Zaka zonsezi. Ndani akumbukila, anatero Ba Chileshe tsiku lija.

"Nam'patsa ka waya kaja," anatero Ba Hamoonga. "Na namba yanu. Abwelelako mailo."

M'mawa mwake ndinali padenga la chigayo china kuno, mame ali thoo, foni inalira m'thumba. Nambala ya ku Zambia. Mwamuna wina anati ali ndi mtsikana mu ofesi amene waika chidutswa cha waya patebulo lake ndipo akukana kuchoka. Ati mtsikanayo akunena kuti ine ndinalipo tsiku limene wayayo anapanidwa.

"Manje imwe mudala, munaona zoona, olo munamvela chabe?"

Sindinavule ndi golovesi yomwe.

"Ndinaona bwino," ndinatero. "Khalani pansi ndikuuzeni. Anali pakati pa panelo la 17 ndi la 18, ndipo bambo a mtsikanayo analekera pa 14."

Luyando anayamba ntchito Lolemba lotsatira. Bambo ake akadali pamtsinje. Mwezi watha ananditumizira chithunzi cha bokosi la mzere woyamba umene mwana wawo anamanga yekha. Kampani imeneyo ilibe mwambo wa matepi, koma pa mawaya awiri aja panali buluu.